Funsani Achipatala: khungu likayamba kuuma ngati chikumba

Makalata a mwezi uno onse akukhudza nthenda imodzi yosowa, scleroderma. Dzina lachichewa ilibe. Ili ndi lochokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza khungu lolimba. Akuyankha ndi madokotala a khungu ndi a matenda a nyamakazi. Mwa nthawi zonse, mayina a otilembera sitiwatchula.

Ndine mayi wa zaka 38. Ndikamachapa m'mawa kukuzizira, zala zanga zimatuwa, kenako zimada, ndipo magazi akamabwerera zimapweteka ngati akundibaya ndi singano. Chaka chino zinatupa moti mphete yaukwati ndinachita kudulitsa. Pano khungu la manja lauma, likunyezimira, ndipo pachifuwa patuluka timadontho toyera. Kuchipatala akuti mwina ndi scleroderma. Chimenechi n'chiyani? (Mayi wa ku Dedza)

Mayi, mwalongosola bwino kwambiri, ndipo amene anakuonaniwo sanaganize molakwika. Taonani chipsera chilichonse chimene muli nacho m'thupi. N'cholimba, n'chosalala, sichimera tsitsi, sichituluka thukuta. Chimapangidwa ndi ulusi wa m'thupi wotchedwa kolajeni, umene thupi limasokera bala. Mu scleroderma chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuvulaza timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndipo thupi limayamba kuika chipsera pamene palibe bala. Likayamba silidziwanso polekera. Nthendayi imakonda kugwira amayi kusiyana ndi abambo, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 50.

Kusintha mtundu kwa zalako kumatchedwa Raynaud, dzina la dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, amene anakulongosola mu 1862. Pa odwala 10 alionse, 9 kapena kuposa amakhala nako. Mabuku amati chala chimayera, chimabiriwira, kenako chimafiira, koma amanena za khungu la azungu. Pa khungu lathu yang'anani kuchikhatho ndi pansi pa zikhadabo: pamatuwa ngati phulusa. Timadontho toyera tosakanikirana ndi takudato timaoneka ngati mchere wothira pa tsabola. Ambiri amatiyesa chikanga kapena mawanga wamba n'kutha chaka akudzola mankhwala olakwika.

Nthendayi ili pawiri. Ina imakhala pakhungu pokha, chigamba chimodzi kapena mzere wotsika ndi mkono kapena mphumi, ndipo siifika ku mapapo ndi impso. Imeneyo amati morphea. Yanuyi ikufanana ndi inayo, systemic sclerosis, yomwe imatha kukhudza kummero, matumbo, mapapo, mtima ndi impso. Kuumako kukalekezera m'zigongono ndi m'maondo, kuphatikizapo nkhope, nthendayo imayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kukakwera kufika m'mikono ya kumtunda, ntchafu, chifuwa ndi mimba, imathamanga, ndipo zaka zoopsa kwambiri ndi 3 mpaka 5 zoyambirira. Zikadutsa zimenezo khungu limayamba kufewa lokha mwa anthu ambiri.

Pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu, kwa inu chapafupi ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Dokotala adzatsina khungu lanu m'malo osiyanasiyana, adzayang'ana m'munsi mwa zikhadabo ndi galasi lokulitsa atadontheza kadontho ka mafuta, adzamvetsera kumsana cha m'munsi mwa mapapo, adzapima BP, mkodzo ndi magazi a impso. Magazi otchedwa ANA, anti-Scl-70 ndi anticentromere amathandiza kudziwa mtundu wake, koma khungu louma la zala za manja onse awiri likadutsa mfundo za kuseri kwa dzanja, limenelo palokha ndi umboni wokwanira malinga ndi ndondomeko imene madokotala a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana mu 2013.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke. Othandiza chiwalo ndi chiwalo alipo. Pa zala, woyamba ndi nifedipine wosungunuka pang'onopang'ono, yemwe uja wa BP. Amayamba ndi mlingo wochepa chifukwa amapweteketsa mutu ndi kutupitsa akakolo. Koma ku Dedza mu June ndi July mankhwala okha sangakwanitse. Fundani thupi lonse, osati manja okha, chifukwa msana ukazizidwa thupi limatseka magazi opita kuzala. Chapani masana ndi madzi amene akhala padzuwa. Zala zikatuwa zipisireni m'khwapa, kapena zungulizani mikono ngati mphero yamphepo, kapena ziviikeni m'madzi ofunda amene mwayamba mwawayesa ndi chigongono. Musaziwambe pa mbaula. Chala chadzanzi chimapsa mwini wake osamva, ndipo bala la pa chala chopanda magazi limatha miyezi. Fodya ayi, ngakhale wa mphuno kapena utsi wa amuna anu. Ngati mumamwa mankhwala a BP a propranolol kapena atenolol, auzeni adokotala, chifukwa amawonjezera vutoli. Mukangosamba, khungu lisanaume, dzolani Vaseline.

Apongozi anga akuti ndi khate, andipatulira mbale ndi kapu. Ena akuti tikatemetse mphini.

Si khate, ndipo sipatsirana, kaya pa mbale, pa mphasa kapena m'banja. Anthu amasokoneza chifukwa pa matenda onse awiri zala zimapindika n'kufupika. Kusiyana kwake ndi uku: chala cha khate chimafa, munthu amapsa kapena kubayidwa osamva, pomwe chala cha scleroderma chimapweteka mpaka kusowetsa tulo. Wachipatala amasiyanitsa ndi kathonje chabe, pokhudza pa banga wodwala atatsinzina. Mphini musalole. Khungu limeneli magazi amafika movutikira, ndiye kabala ka lezala kamasanduka chilonda chamafinya. Pitani nawo apongoziwo tsiku la sikelo yanu akamve okha kwa adokotala.

Azakhali anga anawapeza ndi nthendayi. Pa intaneti ndapeza mndandanda wautali wa nkhani za kafukufuku za dokotala wina wa khungu wa kunja, zambiri za scleroderma ndi zimene akuti quality of life, kutanthauza mmene moyo wa wodwala ukuyendera. Kodi kuchuluka kwa mapepalaku ndiye kuti iyeyu ali ndi mankhwala? Nanga moyo wa munthu amaupima bwanji ndi manambala? (Wophunzira unamwino, Zomba)

Funso ili latisangalatsa, choncho tichedwapo.

Tiyambe ndi chimene dokotala amapima ndi zala zake. Pali muyeso wotchedwa modified Rodnan skin score, wochokera pa ntchito ya Gerald Rodnan wa ku Pittsburgh. Amatsina khungu m'malo 17: nkhope, chifuwa, mimba, kenako mbali zonse ziwiri zala, kuseri kwa dzanja, mkono wa m'munsi, mkono wa kumtunda, ntchafu, mwendo ndi phazi. Malo alionse amapatsidwa 0 ngati khungu lili bwino, mpaka 3 ngati silikutsinika n'komwe. Zonse pamodzi sizipitirira 51. Muyesowu ndi wothandiza, koma umafuna kuti azipima ndi munthu mmodzimodzi ulendo uliwonse, popeza madokotala awiri satsina mofanana.

Tsono nambala imeneyi siinena ngati azakhali anu akutha kuvundula nsima. Mayi wa 8 pa 51 akhoza kukhala ndi kachilonda kamodzi kunsonga ya chala cha mkombaphala kamene kamamulepheretsa kugwira mthiko, kumanga chitenje, kukolopa, ngakhale kudzisamalira kuchimbudzi. Wina wa 25 amapitabe kumsika. Ichi ndicho chinachititsa ofufuza kuyamba kufunsa odwala eni ake. Atafunsa odwala mazanamazana ku Canada, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2011, zimene zinatchulidwa kwambiri zinali kutopa, Raynaud, kuuma kwa manja, kuphwanya kwa mfundo ndi kusowa tulo. Kutopa kunali pamwamba, chinthu chimene sichioneka pa X-ray kapena m'magazi.

Amapima ndi mapepala a mafunso. Madokotala a khungu amakonda DLQI, imene Andrew Finlay ndi Gul Karim Khan anatulutsa ku Cardiff mu 1994. Ili ndi mafunso 10 okhudza sabata imodzi yapitayo: kuyabwa ndi kupweteka, manyazi, ntchito zapakhomo ndi kugula zinthu, zovala, kucheza, masewera, ntchito kapena sukulu, ubale ndi anthu, za m'chipinda, ndi chintchito cha mankhwala. Funso lililonse ndi 0 mpaka 3, zonse 30. Kuyambira 11 kupita m'mwamba ndiye kuti nthendayo yasokoneza moyo kwambiri. Kusintha kosakwana 4 kawirikawiri wodwala sakumva m'thupi mwake, ndiye pepala likamanyadira kuti DLQI yatsika ndi 1, musatengeke. Vuto la DLQI pa scleroderma ndi loti siifunsa za befu kapena kumeza. N'chifukwa chake ena amagwiritsa ntchito HAQ ya ku Stanford, ya mu 1980, ya mafunso 20 okhudza kuvala, kudzuka, kudya, kuyenda, kusamba, kufikira chinthu, kugwira ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Mu 1997 Virginia Steen ndi Thomas Medsger anaiwonjezera mafunso a Raynaud, zilonda za zala, m'mimba ndi kupuma. Ku France anapanganso ina ya mafunso 12 ya pakamwa pokha.

Inu amene mudzagwire ntchito kwathu kuno dziwani ichi. HAQ imafunsa ngati munthu akutha kutsegula chitseko cha galimoto, kusamba m'bafa logonamo, ndi kutsegula katoni ya mkaka. Agogo a ku Mayaka adzayankha chiyani? Mukangomasulira mawu okha, mudzapeza nambala yabwino pa munthu amene sakutha kutukula ndowa. Mafunso otere amafunika kuwakonza kuti agwirizane ndi moyo wa anthuwo, n'kuwayesa kaye asanawakhulupirire. M'wodi musadikire zimenezo. Funsani za mtondo, khasu, mabatani, chingwe cha pachitsime, ndipo lembani mayankhowo m'buku la kuchipatala kuti ulendo wotsatira mudzayerekeze.

Tibwere ku mndandanda mwauonawo. Kuchuluka kwa mapepala kumasonyeza kuti munthuyo walimbikira pa nkhaniyi, osati kuti ali ndi mankhwala obisika. Tsegulani pepala lililonse muone mtundu wake. Ambiri a quality of life amangofunsa odwala kamodzi n'kuwerengetsa. Amatiuza kuti odwala a zilonda za zala amavutika kwambiri, koma sangatiuze chimene chingachize. Amene amayesadi mankhwala amagawa odwala pawiri mwa maere, ena n'kulandira mankhwala enieni, ena ongofanizira. Onani chiwerengero cha odwala, chifukwa pa nthenda yosowa ngati iyi mapepala ambiri amakhala a anthu 30 kapena 50 a chipatala chimodzi, ndipo nthawi zina odwala omwewo amabala mapepala anayi. Onani pamene pali dzina lake: loyamba ndi la amene anagwira ntchito yaikulu, lomaliza ndi la mkulu woyang'anira, apakatiwo anathandizira. Kenako lembani mutu wa pepalalo pa PubMed, tsamba la pa intaneti losunga mndandanda wa kafukufuku wa zaumoyo. Likapanda kupezeka chenjerani, popeza pali magazini ena amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Ndipo onani kuti odwalawo anali a kuti. Kafukufuku wa ku United States ndi ku South Africa wasonyeza kuti anthu akuda imawayamba ali aang'onoko, imakonda kukhala yofalikira thupi lonse, ndipo imawononga mapapo kwambiri. Zotsatira za odwala a ku Sweden sizingangovekedwa pa azakhali anu ngati malaya.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsani chifukwa chake miyeso iwiriyi imafunika yonse. Mu 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa SENSCIS, wa odwala 576 a m'mayiko 32, woyesa mankhwala a nintedanib. Mwa omwa mankhwalawo, mpweya umene mapapo amatha kutulutsa unkatsika ndi mamililita pafupifupi 52 pa chaka, pomwe mwa enawo unkatsika ndi 93. Mankhwalawo anagwiradi ntchito, ndipo anavomerezedwa ku America chaka chomwecho. Koma pa muyeso wa khungu ndi pa mafunso a mmene odwala ankamvera panalibe kusiyana kwenikweni, ndipo 3 mwa anthu 4 alionse omwa mankhwalawo anatsegula m'mimba. Namwino wodziwa zimenezi amamuuziratu wodwala kuti mankhwalawa akuteteza mapapo a m'tsogolo, asayembekezere kudzuka mawa ali wopepuka.

Mkazi wanga ali ndi scleroderma ndipo wakhala akutsokomola chouma miyezi 8. Akakwera kachitunda amachita befu. Makhololo anapima kawiri, TB sanaipeze. Mnzanga wandiuza kuti ndizimugulira prednisolone, akuti amafewetsa khungu. (Bambo wa ku Mulanje)

Bambo, prednisolone musagule. Pa nthenda iyi, mlingo wa 15 mg pa tsiku kapena kuposa umatha kudzutsa ngozi ya impso, makamaka mwa amene khungu lawo likuuma mofulumira m'zaka zoyambirira. BP imakwera mwadzidzidzi, mutu umawawa, maso amachita chidima, mkodzo umachepa, ena amakomoka. Kale ngoziyi inkapha pafupifupi aliyense. Masiku ano mankhwala a BP a captopril ndi anzake amapulumutsa impso ngati ayambidwa msanga, pa masiku osati masabata. Ngati mungathe gulani makina a BP a pamkono, muzipima katatu pa sabata n'kumalemba. Ikapitirira 140/90, kapena nambala ya pamwamba ikakwera ndi 30 kuposa ya masiku onse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukatchule dzina la nthendayo pakhomo pomwe.

Chifuwacho chikutidetsa nkhawa. Mapapo ndiwo amatenga miyoyo yambiri pa nthendayi, m'njira ziwiri: kuuma kwa mapapo enieniwo, ndi kukwera kwa mphamvu ya magazi m'mitsempha ya m'mapapo. Kwathu kuno wotsokomola aliyense timayamba taganizira TB, ndipo n'koyenera, koma makhololo akakana kawiri mwa munthu wa scleroderma tisaumirire pomwepo. Adokotala akamvetsera kumsana cha m'munsi amamva kuthetheka ngati munthu akuponda masamba ouma. X-ray imachedwa kuonetsa. Chofunika ndi kupuma m'makina a spirometry, CT scan ya chifuwa, ndi kuunika mtima ndi echo, komwe kumayenera kubwerezedwa chaka ndi chaka. Pemphani kuti akutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Akapeza kuti mapapo akuuma, mankhwala ake ndi ochepetsa ukali wa chitetezo, monga mycophenolate kapena cyclophosphamide. Asanayambe amayenera kupima HIV, TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Ngati mayiwo anapatsidwa methotrexate wa khungu, kumbukirani kuti amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo sayenderana ndi Bactrim. Awiriwa akakumana amapha mafuta a m'mafupa opanga magazi. Methotrexate ndi mycophenolate onse amawononga mwana m'mimba, choncho nkhani ya kulera muikambe ndi adokotala musanayambe.

Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni zaka 11 nthawi ya Wenela. Manja awo auma ngati thabwa. Kodi mgodi ungachititse zimenezi?

Ungathe. Mu 1957 dokotala wina dzina lake Erasmus analemba za kuchuluka kwa scleroderma pakati pa okumba golide ku Witwatersrand, ndipo mpaka lero nthendayi ikabwera chifukwa cha fumbi la miyala amaitcha Erasmus syndrome. Fumbi lake ndi la silica, lomwe lija limayambitsa nthenda ya mapapo ya silicosis, ndipo nthendayo imatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atabwerako. Mwa abambo, mbiri ya fumbi ndi chinthu choyamba kufunsa. Oswa miyala m'mbali mwa msewu nawonso amapuma fumbi lomweli. Lamulo la ku South Africa la mu 1973 la matenda a m'migodi limaiwerengera nthendayi pakati pa matenda olipiridwa chipukuta misozi, ndipo woona za umboni wake ndi ofesi ya boma ya matenda a m'migodi yotchedwa MBOD ku Johannesburg. Sungani chikalata chilichonse cha ntchito chimene chili ndi nambala yawo ya kumgodi, ndipo adokotala alembe m'buku dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ndi ngati ankagwira pansi.

Pakamwa panga pachepa moti supuni imavuta kulowa, mano sinditsuka bwino, ndipo usiku chilungulira chimandidzutsa. Ndaonda kwambiri.

Mayi, apa pali zambiri zimene mungachite nokha. Kummero kwa odwala ambiri kumafooka, chakudya chimatsika mwaulesi, ndipo asidi wa m'mimba amabwerera. Mukagona amatha kulowa m'mapapo n'kuwonjezera chifuwa. Omeprazole wa 20 mg amagwira bwino mukamwa mphindi 30 musanadye m'mawa. Ambiri amamwa atadya kale n'kumati sakuthandiza. Ena amafunika kumwa kawiri pa tsiku, koma zimenezo akuuzeni adokotala. Mgonero idyani kukadali kowala, papite maola 3 musanagone. Kwezani miyendo ya kumutu kwa bedi ndi njerwa, masentimita 15 mpaka 20. Kuunjika mapilo sikuthandiza chifukwa kumapinda mimba n'kufinyira asidi m'mwamba. Ogona pamphasa aike thabwa lopendekeka pansi pake kuyambira m'chiuno.

Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku m'malo mwa mbale imodzi yaikulu. Nsima ikhale yofewa, mbamu zazing'ono, ndiwo za msuzi wambiri. Phala lothira nsinjiro, dzira, mapeyala ndi nthochi zimabweza thupi popanda kuvutitsa kummero. Ngati mimba imafufuma ndipo mumatsegula m'mimba kawirikawiri, nenani, chifukwa matumbo aulesi amachulukitsa tizilombo ndipo mankhwala ake alipo.

Pakamwa pamafuna kuphunzitsidwa tsiku lililonse. Yambani mwafunditsa nkhope ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, n'kudzola Vaseline m'milomo kuti isang'ambike. Lowetsani chala chachikulu cha dzanja lamanja m'tsaya lamanzere n'kukokera kunja, muwerenge mpaka 20, kenako mbali inayo. Mukatero tengani timatabwa tija adokotala amapanikizira lilime, tisanjikizeni n'kutimanga ndi labala, n'kutilowetsa pakati pa mano cha kumbali mpaka mumve kukoka koma osati ululu. Chitani zimenezi kawiri pa tsiku, mphindi 10 mpaka 15. Mulu uja ukayamba kulowa mosavuta onjezerani kathabwa kamodzi. Pimani ndi rula mpata wa pakati pa mano a kutsogolo kamodzi pa mwezi n'kulemba mamilimita ake. Mukasiya, pakamwa pamabwerera mwakale, ndiye ikhale ntchito yosalekeza. Potsuka mano gwiritsani ntchito mswachi wa ana, ndipo ngati zala sizikugwira bwino, kulungizani chogwirira chake ndi nsalu kapena mphira wa njinga kuti chinenepe.